Tomato akamawauka chaka ndi chaka ku Mzuzu, yambani mwayang'ana kunsi kwa tsamba

Chaka changa choyamba kulima kuseri kwa nyumba ku Chibavi ndinawokera mbande 60 za tomato kumayambiriro kwa Januwale. Zinagwira zonse. Pofika kumapeto kwa Febuluwale mitengo inali itandifika m'chiuno, masamba obiriwira bii, zipatso zili lendelende. Kenaka mu Malichi kunagwa mvula yowaza masiku anayi otsatizana, dzuwa osaoneka, chifunga chili tolo mpaka 10 koloko m'mawa. Tsiku lachisanu ndinapeza masamba akunsi ali ndi zigamba zakuda ngati wina wawathira madzi otentha. Sabata isanathe munda wonse unali utawauka, zipatso zili ndi mabala abulauni olimba, ndipo kafungo ka masamba owola kankamveka ndili pakhonde. Sindinathyolepo ndi beseni limodzi lomwe.

Mayi wina wachikulire amene timayandikana naye nyumba anabwera kudzaona. Anathyola tsamba limodzi, kulitembenuza, n'kundionetsa kachuku koyera m'mphepete mwa chigamba chija. "Mwana wanga, ichi ndi chiwawu. Kuno si kwanu kotentha kuja. Kuno tsamba siliuma." Ndinawafunsa kuti, "Ndiye amayi, ndigule mankhwala anji?" Iwo anati mankhwala ndi nkhani yachiwiri, choyamba ndiphunzire nyengo ya Mzuzu. Zaka zimene zadutsapo zanditsimikizira kuti ananena zoona, ndipo ambiri amene amandidandaulira kuti anawagulitsa mbewu yachabechabe, ndikapita kukaona ndimapeza kuti mbewuyo ilibe mlandu.

Mzuzu ili pamwamba pa mapiri a Viphya, pafupifupi mamita 1,250 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Nkhata Bay, yomwe ili pa mtunda wosakwana makilomita 50, ili pansi penipeni m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Mphepo ikamachokera kunyanjako imanyamula chinyezi, imakwera zitunda zija, imazizira, n'kudzatula chifunga ndi mvula yowaza pa ife. N'chifukwa chake mvula kuno imapitirira mpaka Epulo ngakhale Meyi pamene anzathu a ku Lilongwe ayamba kale kuganiza zokolola, ndipo mwera ukalimba mu Juni ndi Julayi kumawazabe. Dzinja lathu ndi lofunda masana, lozizirira usiku, ndipo masamba amagona onyowa n'kudzuka onyowa. Kachilombo koyambitsa chiwawu, komwe akatswiri amakatcha Phytophthora infestans, kamafuna zimenezi basi: kuzizirira kwa pakati pa madigiri 10 ndi 20, mpweya wachinyezi, ndi tsamba lokhala lonyowa kwa maola 10 kapena kuposerapo. Zikakumana zitatuzi, kuchokera pamene kalowa m'tsamba mpaka pamene katulutsa njere zina zouluka ndi mphepo pamangopita masiku anayi kapena asanu. Ndi matenda omwewa amene anawononga mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira mu 1845 n'kubweretsa njala yoopsa, ndipo Ireland ndi dziko lozizira, la mvula yowaza ngati yathuyi.

Musanagule chilichonse, tsimikizani matendawo

Anthu amataya ndalama zambiri popopera mankhwala olakwika, chifukwa tomato aliyense wofota timangoti chiwawu. Lowani m'munda m'mawa mame asanaume, muthyole tsamba lodwala ndipo mulitembenuze. Ngati zigambazo n'zazikulu, zooneka ngati zanyowa mafuta, zobiriwira modera kenaka n'kuda, zilibe malire enieni, ndipo kunsi kwake kuli chuku choyera chopyapyala, chimenecho ndi chiwawu choopsa chija. Yang'ananinso tsinde: mupeza mabala akuda otalika, ndipo pamalo amenewo tsinde limathyoka mosavuta. Chipatso chimachita bala labulauni lolimba, lokhala ngati lamakwinya, chikadali chachiwisi.

Pali chiwawu china chocheperako mphamvu. Ichi chimayambira pa masamba akale akunsi, madontho ake ndi abulauni okhala ndi mizere yozungulira mkati ngati ya pachitsa cha mtengo wodulidwa, ndipo kuzungulira dontholo kumachita chikasu. Chimayenda pang'onopang'ono, chimakonda nyengo yofunda, ndipo chimakula kwambiri pa tomato wanjala. Kuchotsa masamba akunsi ndi kudyetsa mbewu bwino kumachichepetsa ndithu.

Koma ngati mtengo wonse wafota masana masamba akadali obiriwira, opanda banga ndi limodzi, n'kutsitsimuka usiku, kenaka patapita masiku awiri n'kufoteratu, musathamangire sipuleya. Dulani tsinde pafupi ndi nthaka, mutenge kachidutswa kotalika ngati chala, mukapachike m'tambula ya galasi ya madzi oyera moti nsonga yodulidwayo ingolowa m'madzimo, ndipo mudikire mphindi zingapo osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera m'tsindemo, ndi matenda a bakiteriya ofoketsa mbewu. Amenewa amakhala m'nthaka ndipo palibe mankhwala opopera amene angawachize. Zulani mtengowo pamodzi ndi dothi lozungulira mizu, mukautaye kutali ndi munda, ndipo pamalopo pasabwererenso tomato, kachewere, mabiringanya kapena tsabola kwa zaka zosachepera zitatu. Mtundu wa Rodade umapirirako ku matenda amenewa, ngakhale si kuti sudwala konse.

Masamba akakhala ndi timawindo toyera toonekera, ndipo mukaunika padzuwa mukuona kambozi kakang'ono mkati mwa tsambalo ndi timanyi take takuda, ameneyo ndi Tuta absoluta, yemwe anachokera ku South America ndipo tsopano ali paliponse pamene pali tomato m'dziko muno. Mankhwala a chiwawu samukhudza ngakhale pang'ono.

Ngati ndi chiwawu ndipo changoyamba kumene

Lero lomwe, osati mawa. Dikirani masamba aume kaye ngati kuli kadzuwa, kenaka thyolani masamba onse odwala mukuika m'thumba la pulasitiki pomwepo, osawanyamula m'manja kudutsa nawo munda wonse. Mtengo umene tsinde lake lada kale uzuleni, palibe choyembekezera. Zonsezi mukazikwirire m'dzenje lakuya kapena kuziwotcha. Pa mulu wa kompositi pasapite tsamba ndi limodzi. Mukatha sambani m'manja ndi sopo ndipo mutsuke mpeni musanagwire mitengo yabwino.

Pano ndi pamene pamalowa mankhwala, ndipo ndikofunika kumvetsa kusiyana kwake. Mankhwala a mancozeb, omwe ambiri timawadziwa ndi dzina loti Dithane M-45, komanso a kopa monga copper oxychloride, amangokuta tsamba kunja. Amateteza tsamba labwino kuti kachilombo kasalowe, koma kakalowa kale sangakatulutse. Ndiye munthu amene amadikira aone zigamba kuti ayambe kupopera Dithane wachedwa ndi sabata yathunthu. M'dzinja la Mzuzu amayenera kupoperedwa masiku 7 aliwonse matenda asanaoneke, ndipo mvula yamphamvu ikagwa atangopoperedwa, abwerezedwe chifukwa akokoloka. Poperani kunsi kwa masamba, kumene kuli chuku, osati pamwamba pokha. Mankhwala okhala ndi metalaxyl, monga Ridomil, amalowa mkati mwa mbewu ndipo amatha kuimitsa matenda amene angoyamba kumene, koma kachilomboka kamawazolowera msanga. Osawapopera sabata ndi sabata. Kawiri kapena katatu pa nyengo yonse n'kokwanira, mosinthana ndi oteteza aja.

Mlingo wake tsatirani umene walembedwa pa paketi, ndipo werenganinso masiku oyenera kudikira musanathyole zipatso. Izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa ndaonapo tomato pamsika ali mbuu ndi ufa wa mankhwala, ndipo amene akukadya ndi ana athu omwe. Ine ndinagulapo ufa wachikasu womangidwa m'kapepala kopanda dzina, wogulitsayo akulumbira kuti ndi Dithane weniweni, koma sunagwire ntchito iliyonse. Kuyambira pamenepo ndimagula paketi yomata, yolembedwa dzina ndi tsiku lothera mphamvu. Popopera valani zophimba pakamwa ndi pamphuno, malaya a manja aatali, ndipo mphepo ikhale kumsana kwanu.

Ndinene mosabisa: ngati theka la munda lada kale ndipo kunja kukuwazabe, mankhwala angokudyerani ndalama. Thyolani zipatso zazikulu zopanda banga, muziyale m'nyumba pamalo ouma mosagundana, muziziyang'ana tsiku ndi tsiku chifukwa zina zidzaonetsa mabala pambuyo pake, ndipo zotsalazo muzule.

Kuti tsamba liziuma

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo zambiri mwa izi sizifuna ndalama. Choyamba ndi malo. Sankhani pamene dzuwa la m'mawa limafika msanga, kutali ndi mthunzi wa nthochi, mapeyala kapena mpanda wa njerwa wotchinga mphepo. Ola limodzi lokha la dzuwa la m'mawa limasiyanitsa munda wopulumuka ndi wowauka. M'madimba a m'zigwa, monga m'mbali mwa mtsinje wa Lunyangwa, chifunga chimachedwa kuchoka, choncho m'dzinja tomato akwere kumtunda.

Mipata ndi vuto lalikulu m'mapuloti athu a m'tauni. Malo ndi ochepa, ndiye mtima umafuna kupanikiza. Ine ndimasiya masentimita 90 pakati pa mizere ndi 60 pakati pa mapando, ndipo m'dzinja sindichepetsa ngakhale pang'ono. Mitengo 20 yopita mphepo imabereka kuposa 40 yothithikana. Mtengo uliwonse ukhale ndi chogwiriziza chake, nsungwi kapena kamtengo ka bulugamu, chozikidwa tsiku lowokera lomwelo kuti musadzadule mizu pambuyo pake. Mphukira zotuluka m'khwapa mwa tsamba zithyoleni zikadali zazifupi ngati chala, ndipo masamba onse okhudza pansi achoke, mpaka pakhale mpata wa chikhatho chimodzi ndi theka kuchokera panthaka. Ntchito imeneyi ichitike masana masamba ali ouma. Kulowa m'munda wa tomato m'mamawa mame ali chonchobe n'kumagwiragwira mitengo ndi kufalitsa matenda ndi manja anu omwe.

M'dzinja mabedi akhale okwera masentimita 20 mpaka 30, ndi ngalande zotulutsa madzi, ndipo pamwamba pake muyale udzu wouma kuti madontho a mvula asathovukire dothi pamasamba. Nthawi yothirira, chotsani chisefa cha kukamwa kwa kheni ndipo muthire patsinde, m'mawa. Chizolowezi chothirira madzulo pobwera kuntchito, kuwaza madzi pamwamba pa masamba, chimapereka kwa chiwawu usiku wonse wa tsamba lonyowa ngakhale mvula isanagwe. Feteleza wa nayitrojeni monga yureya akachuluka, masamba amakula ofewa ndi othithikana, ndipo amenewo ndiwo amayamba kudwala.

Yang'ananinso zimene zili pafupi. Kachewere ndi tomato amadwala chiwawu chimodzimodzi. Timbatata totsalira m'nthaka chaka chatha tikamera tokha, nthawi zambiri ndi timene timasunga matendawa. Tizuleni, pamodzi ndi tomato womera yekha kudzala.

Chimene chinasintha zinthu kwa ine ndi denga. Tomato amakwera mtengo kwambiri pamsika kuyambira Febuluwale mpaka Epulo, nthawi yomweyo imene amavuta kulima, ndiye sindingauze munthu kuti asiyiretu tomato wa m'dzinja. Ndinazika mitengo ya bulugamu, kutsogolo mamita awiri ndi theka, kumbuyo awiri, n'kukhoma pulasitiki yoonekera pamwamba pokha, m'mbali monse mosatseka. Mvula siifika pamasamba koma mphepo imadutsa. Ena amalakwitsa potseka mbali zonse poganiza kuti akuteteza kwambiri; mkatimo mumachita thukuta, madzi amadontha kuchokera ku pulasitiki, ndipo chiwawu chimabwera chimodzimodzi. Denga lituluke kunja kwa mzere womaliza ndi theka la mita chifukwa mvula yathu imabwera chopendekera. Pulasitiki wamba wa m'sitolo za zomangira amang'ambika ndi dzuwa pakatha miyezi ingapo. Wopangidwira ulimi amadula koma amakhalitsa. Pansi pa denga muzithirira nokha, ndipo muziyang'anira akangaude ofiira, chifukwa amakonda pouma.

Amene sangakwanitse denga asinthe kalendala. Fesani kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, muwokere mu Sepitembala mbande zikakwana masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo muyamba kuthyola mu Novembala mpaka Disembala mvula isanakhazikike. Mtengo wake pamsika umakhala wotsika, inde, koma zipatso zimakhalapo.

Mavuto a miyezi yozizira

Mu Juni ndi Julayi usiku wa Mzuzu umatsika pansi pa madigiri 10, ndipo m'zigwa umatsika kuposa apo. Madandaulo awiri amamveka chaka chilichonse. Loyamba ndi lakuti mbewu siikumera. Njere ya tomato m'dothi lofunda imamera pasanathe sabata, koma m'dothi lozizira imatha masabata awiri kapena atatu, ndipo mwini wake akaona kuchedwa amawonjezera madzi mpaka njere kuwola. Tsabola ndi mabiringanya ndiye amachedwa koposa. Fesani m'kabokosi kapena m'beseni lobowola kunsi, masana likhale padzuwa, usiku lilowe m'nyumba. Mbande zikamera n'kumagwa, tsinde litaonda ndi kuda pamene lakhudzana ndi dothi, madzi achuluka ndipo mwafesa mothithikana. Patulirani, chotsani udzu wophimba zikangomera, ndipo thirirani m'mawa mokha.

Lachiwiri ndi la maluwa kuyoyoka popanda chipatso. Usiku ukamazizira pansi pa madigiri 13, mungu wa tomato sugwira bwino ntchito. Si matenda, si kusowa feteleza, ndipo palibe chopopera. Kugwedeza timitengo togwiriziza cha m'ma 11 koloko kukatentha kumathandizako pang'ono, koma kwenikweni mudikire mpaka usiku uyambe kufunda. Miyezi imeneyi ndi ya kabichi, repu, mpiru, chayinizi, kaloti, letesi, anyezi ndi nsawawa, mbewu zimene anzathu a ku Karonga ndi ku Nsanje amavutika nazo chifukwa cha kutentha koma kuno zimakula mosanyengerera. Therere lobala ndi mavwende zisiyeni kaye, sizikondwa ndi chisanu.

Chilimwe chikafika

Kuyambira Sepitembala mpaka mvula yoyamba mavuto amatembenuka. Mpiru ndi chayinizi zimene zinadutsa m'chisanu zikangomva kutentha zimathamangira kuchita maluwa, masamba n'kuchepa ndi kuwawa. Zikayamba sizibwerera. M'malo mofesa bedi lalikulu kamodzi, fesani pang'onopang'ono masabata awiri kapena atatu aliwonse, ndipo bedi lisaume. Nsabwe zotuwa zimadzaza kunsi kwa masamba a repu nthawi yomweyi. Zikadali zochepa, kuzitikita ndi chala kapena kupopera madzi a sopo pang'ono madzulo kumakwanira, koma muyambe mwayesa pa mbewu ziwiri kuti muone ngati sopoyo sakuwotcha masamba.

Pa tomato wa m'chilimwe, chipatso chikada kumatako, bala lake louma ndi lolowa mkati, ambiri amati chiwawu chabweranso. Ayi. Kumeneko ndi kuperewera kwa kashiyamu m'chipatso, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi kathiriridwe kodumphadumpha: lero madzi ambiri, masiku atatu mipopi yauma, kenaka madzi ambirinso. Sungani madzi m'mgolo kuti muzithira mlingo wofanana, ndipo phimbirani nthaka ndi udzu wochindikala. Zipatso zotsatira zimatuluka zabwino.

Kabichi nayenso ali ndi zake

Amene athawa tomato m'dzinja n'kuthawira ku kabichi amakumana ndi zina. Chikasu choyambira m'mphepete mwa tsamba n'kulowa mkati mosongoka ngati chilembo cha V, mitsempha yake itada, ndi matenda a bakiteriya oyenda ndi njere komanso madontho a mvula. Mankhwala sachiza, chotsani masamba odwala, gulani mbewu yodalirika, ndipo musinthe malo. Kabichi akamafota masana pamene dothi lili lonyowa, zulani mmodzi muone mizu. Ikakhala yotupa ngati zala zonenepa, ndi matenda okonda dothi la asidi, ndipo dothi lofiira la kuno, lotsukidwa ndi mvula yambiri, limakhala la asidi kawirikawiri. Matenda amenewa amakhala m'nthaka zaka zambiri ndipo amagwiranso repu, mpiru ndi chayinizi, choncho kusinthanitsa mbewu zimenezi pabedi limodzi si kasinthasintha ayi. Laimu wa ulimi wothiridwa mwezi umodzi kapena iwiri musanabzale amachepetsa asidi, ndipo phulusa la nkhuni limathandizako pa bedi laling'ono. Kuti mudziwe mlingo woyenera, funsani alangizi za kuyezetsa dothi; malo ofufuzira za ulimi a Lunyangwa ali mumzinda mommuno. Ndipo samalani ndi mbande zogula kapena zopatsidwa: yang'anani mizu musanazilowetse m'munda mwanu, chifukwa matendawa amabwera ndi dothi la kumizu.

Panopa kuseri kwa nyumba yanga m'dzinja mumakhala mitengo 18 yokha ya tomato, yonse pansi pa denga. Malo otsalawo ndimabzala nkhwani, bonongwe, chitambe ndi nyemba za khwanya, ndipo chisoso chimamera chokha m'mphepete. Izi mvula ya Malichi siizivutitsa. Mabedi a kabichi ndi kaloti ndimawakonza mu Epulo, nazale ya tomato wapanja ndimafesa sabata yomaliza ya Julayi m'mabeseni awiri amene amagona kukhitchini. Mayi aja amabwerabe m'mawa wina uliwonse kukawaza, ndipo asanandipatse moni amayamba atembenuza tsamba lakunsi la mtengo wa kumapeto kwa denga, umene mvula yopendekera imaufikira.